Kodi mbiri ya ntchito ya fodya tingaisunge m'tauni ya Kasungu monga ena asungira mafakitale awo akale?

Mphunzitsi wa ku Kasungu analemba:

Moni kwa inu nonse a pabwalo lino, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndimaphunzitsa mbiri pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu, ndipo ndabwera ndi funso limene ndikupempha kuti mundithandize, makamaka inu amene munayendako kunja kapena munagwirapo ntchito m'maesiteti.

Mumzinda wa Lowell, m'chigawo cha Massachusetts ku America, muli malo otchedwa Lowell National Historical Park, amene boma la dzikolo linakhazikitsa mu 1978. Malowa ali pakati penipeni pa mzinda, ndipo zimene amasunga ndi mafakitale akale a nsalu, ngalande zimene zinkabweretsa madzi oyendetsa makina, ndi nyumba zimene antchito ankagonamo. Chimene chandikopa ndi chakuti eni mzindawo sanasamutsidwe kuti malowo akhale a alendo okha, koma akukhalabe momwemo ndipo amatenga nawo mbali posunga ndi pofotokoza mbiriyo.

Tauni yathu ya Kasungu inakula ndi fodya. Maesiteti, mabalani a njerwa owotcheramo fodya, mashedi osankhiramo fodya, majeke odindira mabelo ndi malole opita ku okushoni ndi zimene zinakoka masitolo, mabanki ndi anthu ochokera m'maboma ena. Lero mabalani ambiri ang'aluka, ena anthu akugumula n'kutenga njerwa, ndipo majeke akale akuthera kwa ogula zitsulo zakutha. Ophunzira anga amatha kufotokoza za mafakitale a ku Ulaya, koma ndikawafunsa kuti Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, bungwe la boma lija la fodya wowotcha, inali chiyani kwenikweni, kapena kuti agogo awo anafika bwanji kuno kuchokera kummwera, amangondiyang'ana.

Funso langa lili pawiri. Kodi malo ngati a ku Lowell amayenda bwanji, eni ake ndani, ndipo anthu wamba amachitapo chiyani? Nanga ife kuno tingayambe chinthu chotere, poganizira kuti fodya ndi mbewu imene ena inawalemeretsa pamene ena inawasiya ndi mabala?

Mwana wa ku Chulu anayankha:

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso lofunikali. Ine kwathu ndi ku Chulu koma ndikugwira ntchito kuno ku Massachusetts, ndipo ku Lowell ndinafikako, choncho ndiyankha mbali yoyamba ya funso lanu.

Mzindawu unamangidwa chifukwa cha mathithi a Pawtucket pa mtsinje wa Merrimack, pamene madzi amatsika pafupifupi mamita 10. Amalonda a ku Boston anaona kuti mphamvu ya madziwo ingayendetse makina owombera nsalu, ndipo anakumba ngalande zimene kutalika kwake zonse pamodzi kumafika pafupifupi makilomita 9. Fakitale yoyamba inayamba kutulutsa nsalu mu 1823. Antchito oyambirira ambiri anali atsikana ochokera m'midzi ya alimi, amene ankagona m'nyumba za kampani, kudzutsidwa ndi belu, n'kugwira ntchito maola oposa 12 pa tsiku. Atsikanawo ananyanyala ntchito mu 1834 malipiro atadulidwa, ndipo ananyanyalanso mu 1836 ndalama zolipirira malo ogona zitakwezedwa. Pambuyo pawo kunabwera anthu ochokera ku Ireland, Canada, Greece, Portugal ndi Poland. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ntchito ya nsalu inayamba kusamukira kummwera kwa dzikolo, kumene antchito ankalipidwa zochepa, ndipo pofika m'ma 1950 mafakitale akuluakulu a ku Lowell anali atatsekedwa. Ena mwa iwo, pamodzi ndi nyumba zina za antchito, anagumulidwa m'ma 1960 chifukwa anthu ankawaona ngati chizindikiro cha umphawi ndi manyazi.

Mfundo yoyamba yoti muigwire ndi yakuti ganizo losunga malowa silinachokere kulikulu la boma. Linachokera kwa eni mzinda, ndipo mmodzi mwa amene analilimbikira anali mphunzitsi ngati inu nomwe, Patrick Mogan, amene ankaphunzitsa anthu kuti mzinda wonsewo ungakhale sukulu. Paul Tsongas, mbadwa ya mumzindawo amene anali phungu ku nyumba ya malamulo ya dzikolo, ndiye anathandiza kukankha lamulo la 1978.

Mfundo yachiwiri ndi ya umwini, ndipo pano ndi pamene ambiri amadabwa. Nthambi ya boma yoyang'anira mapaki, ya National Park Service, ili ndi nyumba zochepa chabe mumzindawo. Zina zonse ndi za anthu, makampani, yunivesite ndi khonsolo ya mzinda. Chimene chilipo ndi malamulo akuti mwini nyumba ya m'dera lotetezedwa asasinthe maonekedwe ake akunja popanda chilolezo cha komiti yoona za mbiri, koma m'kati angathe kukonza kuti mukhale nyumba zogona, maofesi kapena malo a amisiri. Choncho mafakitale ambiri sanasanduke malo ongoonerera. Muli mabanja, ndipo madzulo mawindo ake amawala.

Pamene ndinalowa m'chipinda chowomberamo nsalu cha ku Boott Cotton Mills, anandipatsa zotsekera m'makutu ndisanadutse pakhomo. M'chipindamo muli makina 88 a m'zaka za m'ma 1920, ndipo ngakhale amangoyatsa ochepa, pansi pamanjenjemera ndipo munthu woima pafupi nawe sumumva zimene akunena. Ndinatuluka ndikumvetsa chifukwa chake antchito ambiri ankagontha, chinthu chimene chikwangwani chokha sichikanandiphunzitsa. Nsalu zimene makinawo amawomba amazigulitsa pomwepo. Pamwamba pa nyumba yomweyo pali Tsongas Industrial History Center, imene pakiyo imayendetsa mogwirizana ndi University of Massachusetts Lowell, ndipo ana a sukulu amabwera kudzawomba nsalu ndi manja awo ndi kuyesa kupanga ngalande zazing'ono kuti aone mmene madzi amatembenuzira gudumu.

Za anthu wamba, chimene ndinachiona n'chakuti chaka chilichonse mwezi wa Julaye kumakhala chikondwerero cha Lowell Folk Festival, cholowa ulere, ndipo magulu a mitundu yosiyanasiyana ya mumzindawo amaphika zakudya zakwawo n'kugulitsa kuti apeze ndalama za magulu awo. Anthu a ku Cambodia, amene anafika m'ma 1980 mafakitale atatsekedwa kale, nawonso anapatsidwa malo, moti gulu lawo la magule limaphunzirira m'nyumba imene kale munkagona atsikana a m'fakitale. Oyang'anira sabisanso kuti thonje limene linalemeretsa mzindawo linkalimidwa ndi akapolo kummwera.

Ndisakunamizeni kuti zonse n'zokoma. Ndalama zimene zinalowa ku Lowell n'zambiri, zochokera ku boma lolemera, ndipo nyumba zokonzedwa m'mafakitalewo si zonse zimene munthu wolandira pang'ono angakwanitse kulipira. Chimene ndikuona kuti tingatengere ndi kagawidwe ka ntchito: mwini nyumba asunge nyumba yake ndi kuigwiritsa ntchito, sukulu ziphunzitsirepo, ndipo amene anagwira ntchitoyo akhale ofotokoza.

Mwana wa Tenanti anayankha:

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu ndi yankho la achemwali a ku Chulu, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndinene chimene chikundidetsa nkhawa. Makolo anga anachokera ku Phalombe pa lole pamodzi ndi mabanja ena, kubwera kudzalima fodya wa bale pa esiteti ina ya kuno ku Kasungu, ndipo ine ndinakulira pomwepo.

Mwatchula mabalani a njerwa, mashedi ndi majeke. Zonsezo zinali za bwana. Chimene bambo anga anamanga ndi manja awo ndi chigafa cha mitengo ndi udzu, ndi kanyumba ka chipinda chimodzi kamene tinkagonamo tonse, ndipo zinthu zotere sizikhala zaka zambiri chiswe chisanazimalize. Tikati tisunge zokhazo zimene zikuonekabe lero, tidzasunga mbiri ya eni maesiteti, ndipo matenanti amene anali ochuluka koposa adzasowa ngati kuti sanakhalepo. Ku Lowell nyumba za antchito zinali za njerwa, n'chifukwa chake zina zinapulumuka. Kwathu kuno sizinali choncho.

Ndimakumbukira mmene chaka chinkayendera. Mu Okutobala tinkadzuka kusanache kukathirira nazale, mvula ikagwa tinkawokera, kenako kupalira, kuthira feteleza ndi kudula nsonga. Nthawi yothyola, manja ankada bii ndi utomoni wa masamba, ndipo ukathyola fodya wonyowa ndi mame unkamva chizungulire ndi nseru, zimene tinkangoziyesa njala, pamene chinali chikonga cholowera pakhungu. Madzulo ife ana tinkakhala pansi kusoka masamba kuti akawapachike m'chigafa, ndipo sukulu m'miyezi imeneyo inali yapatalipatali. Chimanga chimene tinkalandira, feteleza, mankhwala, ngakhale khasu, zonse zinkalembedwa m'buku ngati ngongole. Fodya akagulitsidwa, kapitawo ankatsegula bukulo n'kuchotsera, ndipo panali zaka zimene bambo ankabwera kunyumba ali chete, chifukwa zotsala sizinkakwana ngakhale ulendo wobwerera ku Phalombe. Mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 malamulo sankalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale pamunda pake n'kukagulitsa yekha ku okushoni, choncho munthu wosauka wofuna kulima fodyayu njira yake inali ya utenanti basi. Lamulo lothetsa utenanti labwera mu 2021, makolo anga atamwalira kale.

Sindikukana ganizo lanu. Ndikulifuna, koma ndi pempho ili: ngati malowo adzakhalepo, pakhale chigafa chenicheni chomangidwa ndi anthu amene anali matenanti, chokonzedwanso chaka ndi chaka monga ankachitira, ndipo pambali pake pakhale kanyumba ka tenanti ka msinkhu wake weniweni, kuti mwana wa sukulu alowemo aone kuti anthu asanu ndi mmodzi ankagona bwanji mmenemo. Buku la ngongole lija liikidwe poyera, mayina atabisidwa. Ndipo ofotokoza asakhale achinyamata ongoloweza mawu, koma amayi ndi abambo amene anagwira ntchitoyo, olipidwa pa ntchito yofotokozayo, chifukwa sizingakhale zoona kuti agwirenso ulere pa nkhani ya fodya yomweyo.

Kapitawo Wopuma wa ku Santhe anayankha:

Ndikuthokozeni mayi amene mwalemba pamwambapa. Ine ndinali mbali inayo ya buku limene mwatchulalo, ngakhale kuti zaka zanga zambiri ndinathera pa mabalani a fodya wowotcha osati pa zigafa, ndipo zimene mwanenazo sindingazitsutse. Ndingowonjezera kuti balani, ngakhale linali la bwana, luso loliyendetsa linali la antchito, ndipo lusolo ndi limene likutha msanga kuposa njerwa.

Munthu woona balani lakugwa amaganiza kuti ndi nyumba yaitali yopanda mawindo basi. Koma kunja kwake kuli ng'anjo, ndipo kuchokera mu ng'anjomo mumadutsa mapaipi achitsulo oyenda pansi m'kati mwa balani, kuti kutentha kufike pa masamba koma utsi usawakhudze. Kuwotcha fodya kumatenga pafupifupi sabata yathunthu moto osazima. Masiku oyamba moto umakhala wochepa ndipo mazenera a mpweya amakhala otseka, kuti tsamba lisinthe kuchoka kobiriwira kufika chikasu likadali lofewa. Kenako umatsegula mazenera pang'onopang'ono n'kumakweza moto kuti tsamba liume mtundu usanathawe, ndipo pomaliza umafika madigiri pafupifupi 70 kuti msempha wapakati uume. Ukafulumira, fodya amauma ali wobiriwira. Ukachedwa, amada, ndipo mtengo wake ku okushoni umagwa. Wosonkhezera moto wodziwa ntchito ankangolowetsa mutu pakhomo, kununkhiza ndi kugwira tsamba limodzi, n'kudziwa chochita. Anthu otere alipobe m'midzi ya ku Santhe, Chamama ndi Wimbe, koma akalamba. Ndipo pofotokoza za balani tisadzabise za nkhuni, chifukwa mitengo yachilengedwe imene inapsa mu ng'anjo zimenezi ndi gawo la chifukwa chake malo ambiri a boma lino ali mbee lero.

Aphunzitsi, pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muziganizire. Choyamba, ntchito za manja za boma lino sizinayambe ndi fodya. M'nkhalango ya Kasungu National Park muli ng'anjo zakale zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo chopangira makasu, nkhwangwa ndi mikondo azungu asanabwere. Mbiri imene ingayambire pa ng'anjo ya chitsulo, kudutsa pa chipala ndi mvukuto wa wosula, kufika pa ng'anjo ya balani ndi msika wa fodya wa ku Chinkhoma, ingakhale ya anthu onse a Kasungu, osati ya maesiteti okha. Osula alipobe m'misika yathu, ndipo mmodzi wa iwo atapatsidwa malo ogwirirapo ntchito ndi kugulitsa makasu ake pomwepo, angachite zimene makina a ku Boott akuchita.

Chachiwiri, mabalani ali kutali ndi tauni ndiponso ali pa malo a lizi, a eni ake. Lamulo la Monuments and Relics Act limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo ndi otetezedwa, ndipo nthambi yoona za zinthu zakale ya Museums and Monuments ndiyo imayendetsa ntchitoyo, monga imachitira ku Chongoni, kumene kuli zojambula zakale za pa miyala. Koma kulengeza kokha sikufolera denga. Mwini malo amene sakuona phindu adzangosiya nyumbayo igwe yokha. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipobe chifukwa sinasiye kugwiritsidwa ntchito. Choncho ine ndinganene kuti tisayambe ndi mpanda ndi geti lolipiritsa, poyembekezera alendo akunja amene ambiri amangodutsa pa M1 osaima. Tiyambe ndi shedi imodzi yakale ya m'tauni, yoti khonsolo kapena mwini wake avomere, theka likhale la amisiri ochita lendi, theka la mbiri, kuti ndalama ya lendiyo izikonza denga.

Mdzukulu wa ku Mchinji anayankha:

Ine ndikulemba kuchokera ku Mchinji, ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo mawu a mayi aja, chifukwa chitsanzo cha zimene akupemphazo chilipo pafupi kuposa ku America. Ku Newtown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, kuli Workers' Museum, imene ili m'komponi yomangidwa mu 1913 kuti muzigona amuna obwera kudzagwira ntchito za khonsolo ya mzindawo. Anasiya mabedi a simenti osanjikizana monga analili, ndi chipinda chimene ankatsekeramo wantchito wolakwa, ndipo pafupi pomwepo pali nyumba zabwino zimene munkakhala antchito achizungu, kuti wobwera aone yekha kusiyana kwake popanda womuuza. Mawu a anthu amene anagonamo anajambulidwa ndipo ndi gawo la zimene alendo amamva ndi kuona.

Agogo anga aamuna anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, ndipo anabwerako boma litaletsa ulendowu pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha a Malawi ambiri obwerera kwawo. Atafika kuno analowa ntchito pa esiteti ya fodya, monga anachitira anzawo ambiri, popeza ndi nthawi yomweyo pamene maesiteti ankakula kwambiri. Choncho nkhani ya migodi ndi ya fodya ndi yolumikizana, ndipo malo a ku Kasungu akadzakhalapo, bokosi lachitsulo la munthu wa ku Wenela lili ndi malo ake pambali pa jeke. Ifenso kuno tili ndi njanji imene inafika ku Mchinji mu 1980 n'kudzalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndipo ana ambiri a m'tauni muno amaidumpha tsiku ndi tsiku osadziwa amene anaiyala. Mukayamba inu, tidzabwera kudzaphunzira.

Mphunzitsi wa ku Kasungu anayankhanso:

Ndathokoza kwambiri nonse. Mawu a mayi aja asintha poyambira panga, chifukwa ndinkaganiza zoyamba ndi kuwerenga mabalani otsala, koma tsopano ndikuona kuti choyamba ndi anthu, ndipo nyumba zibwere pambuyo. Teremu ikubwerayi ndipempha chilolezo kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa mafumu a midzi yoyandikana ndi sukulu yathu, kuti ophunzira a kalabu ya mbiri azipita awiriawiri kukacheza ndi amene anali matenanti, osonkhezera moto, osankha fodya ndi oyendetsa malole, n'kujambula mawu awo pa foni. Aliyense adzafunsidwa kaye ngati akulola, ndiponso ngati akufuna kuti dzina lake litchulidwe kapena libisidwe, ndipo banja lililonse lidzalandira zimene lajambulidwa, kuti zisakhale za sukulu yokha. Zikachuluka, ndi pamene tidzapite nazo ku khonsolo kukapempha shedi, titanyamula chinthu chooneka m'manja.

Bambo a ku Santhe, ngati mungalole, ndikupempha kuti mudzakhale oyamba kucheza ndi ophunzirawa, ndipo ngati n'kotheka tikachezere pa balani lenileni limene mapaipi ake akadalimo, mwini malo atavomereza. Mayi amene munakulira pa esiteti, ndikupemphani kuti muone mafunso amene anawo adzafunse tisanawatumize, kuti musakhale funso lopweteka munthu kapena lomuchititsa manyazi. Ndipo aliyense amene ali ndi jeke, sikelo, chiphaso cha ku Wenela kapena buku la ngongole la pa esiteti, chonde asagulitse kapena kutaya. Andilembere kumbali kuti tigwirizane zodzajambula chithunzi chake, katunduyo akhalebe m'manja mwa mwini wake.